Tisaloweze za ku America tisanaone Majete

A Mkonzi, ndipatseniko mpata patsamba lino kuti ndifotokoze za ulendo umene ndinayenda ndi ana asukulu, poti ndikukhulupirira kuti aphunzitsi anzanga, makolo ndi mafumu a m'chigwa cha Shire angatolepo kanthu.

Ndine mphunzitsi wa jogalafe pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Nsanje. Kwathu ndi kwa Nyachikadza, tsidya la Shire, ndipo ana ambiri amene ndimaphunzitsa ndi ochokera komweko. Ena amachita lendi tinyumba pafupi ndi sukulu, ena amakhala kwa achibale kumtunda kuno.

Chaka chilichonse ndimaphunzitsa za mapiri ophulika ndi madzi otentha a pansi pa nthaka. Ndimajambula pabolodi geyser, kasupe uja amene amaponya madzi owira ndi nthunzi m'mwamba. Ana amalemba kuti dzinali linachokera ku kasupe wa ku Iceland wotchedwa Geysir. Amalemba kuti Yellowstone, paki ya ku America imene inakhazikitsidwa mu 1872, ili ndi pafupifupi theka la akasupe otere a padziko lonse, ndi kuti wotchuka kwambiri, Old Faithful, amaphulika pafupifupi mphindi 90 zilizonse. Amaloweza ndithu, mayeso n'kukhoza. Koma mwa ana oposa 60 amene ndinali nawo mu Fomu 3 chaka chatha, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako ku Lengwe kapena ku Majete, ngakhale ku Mwabvi kumene kuli m'boma lathu lomwe lino.

Sikuti mwana wa kwa Nyachikadza sadziwa nyama zakutchire. Amazidziwa kuposa mwana wa ku Namiwawa. Koma amazidziwa ngati adani. Mvuu ndi imene imamaliza dimba la chimanga usiku umodzi ndi kugubuduza mabwato. Ng'ona ndi imene inagwira azakhali ake akutunga madzi. Madzinso amawadziwa ngati mdani: a mu Januwale 2015, a namondwe wa Idai mu 2019, a Ana mu 2022, a Freddy mu 2023. Ndiye mphunzitsi ukaima kutsogolo n'kumati tisamale zachilengedwe, ana amalemba mwaulemu, koma nkhope zawo zimakuuza kuti nkhaniyo ndi ya azungu odzaona malo, si yawo ayi. N'chifukwa chake tinagwirizana ndi mphunzitsi mnzanga wa bayoloje kuti tiwatengere komweko akadzionere okha nyama zili kwawo, ndiponso madzi otentha otuluka m'nthaka ya Malawi.

Ndalama ndiye inali nkhani. Makolo athu sakhala ndi ndalama m'thumba, koma madimba a kwa Nyachikadza sanama. Pamsonkhano wa makolo, gogo wina anaimirira n'kunena kuti, “Aphunzitsi, ndalama ife tilibe, koma mbatata ilipo. Mutu umodzi susenza denga.” Banja lililonse linapereka thumba la mbatata kapena ndowa ya nyemba, zina zinaoloka Shire pa mwadiya, ndipo akomiti anakagulitsa pamsika. Aphunzitsi tinasonkha pa malipiro athu. Zonse pamodzi zinakwana kuchita hayala basi yaing'ono ya ana 26, atsikana 12 ndi anyamata 14, pamodzi ndi ife aphunzitsi awiri ndi mayi mmodzi wa m'komiti. Otsala aja anawawidwa mtima, ndipo sindiwadzudzula.

Tinanyamuka pa boma la Nsanje mbandakucha, patchuthi cha Tsiku la Anakubala mu Okutobala, pothawa dzuwa la kuno limene anthu a kumtunda amangolimva pawailesi. Tinadutsa pa Tengani, pa Bangula, pa Sorgin, pa Ngabu. Titapitirira Bangula ndinawauza kuti kudzanja lamanja, kuseri kwa midzi, kuli dambo lalikulu limene pamapu limatchedwa Elephant Marsh. David Livingstone atadutsa pamenepo mu 1859 analemba kuti anaona njovu zokwana 800 nthawi imodzi. Lero dzina lokha ndilo linatsala, njovu mulibemo ndi imodzi yomwe, ngakhale kuti mbalame ndi nsomba zidakalimo ndipo mu 2017 dambolo linalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Mnyamata wina kumbuyo anafunsa kuti njovuzo zinapita kuti. Ndinamuuza kuti asunge funsolo mpaka tikafike.

Pa Nchalo ana anakhala chete poona minda ya nzimbe yosaoneka mathero, yobiriwira pakati pa chilimwe. Tinapitirira njira yokhotera ku Lengwe, kwawo kwa boo ndi njati, ndipo pa Dyeratu tinasiya msewu wa ku Blantyre n'kulowera ku boma la Chikwawa. Dzuwa lisanafike pamutu tinali pachipata cha Majete.

Bambo amene anatiperekeza m'nkhalangomo ndi amene anayankha funso lija. Anati pofika 1992 njovu zonse za mu Majete zinali zitaphedwa ndi anthu ofuna minyanga. Zipembere ndi mikango zinali zitatha kale, mitengo ikupita ku makala. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Chaka chomwecho anabweretsa zipembere, mu 2006 njovu, mu 2012 mikango, mu 2018 anyamalikiti, kenako akakwiyo ndi mimbulu. Njovu zinaswana mpaka pamene boma linasamutsa njovu pafupifupi 500 kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zina mwa izo zinachokera mu Majete momwemu, zina ku Liwonde. Ana anamva okha kuti amene anamaliza nyama ndi anthu, ndipo amene anazibwezeretsa ndi anthunso, ambiri a iwo a m'midzi yomweyo ya Chikwawa amene lero amalandira malipiro pozilondera.

Mikango sitinaione, inali itabisala dzuwa. Koma tinaona nswala zambirimbiri, mbidzi, njiri zikuthawa michira ili chilili, ngoma yaimuna ya nyanga zopotana, ndi njati zitagona pamthunzi. Kenaka dalaivala anazimitsa injini. Njovu zisanu ndi ziwiri zinali kutsetsereka kupita ku Shire, kamwana kali pakati pa miyendo ya make. M'basi monse munali zii. Mayi wa m'komiti uja, amene ali ndi zidzukulu, anagwira pakamwa n'kunong'ona kuti, “Kani zimayenda mosamveka chonchi?” Zaka zonsezi njovu ankangoiona pachithunzi.

Pamtsinje panali mvuu, ndipo apa mpamene nkhani inavuta. Mnyamata wina, amene bambo ake anataya dimba lonse chaka chomwecho, anafunsa mosaopa.

“Bwana, kuno mwatchinga ndi waya wamagetsi kuti njovu zisakadye za anthu. Nanga kwathu mvuu ikadya chimanga chonse, amabweza ndani?”

Bambo aja sanazembe. Anati malamulo a dziko lino sapereka chipukutamisozi kwa munthu amene nyama yamuonongera mbewu, ndipo iwo sakanamunamiza mwanayo. Koma anafotokoza kuti mvuu imatuluka usiku kukadya udzu wokwana makilogalamu 40 kapena kuposa, ndipo tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje timakhala talima pambale pake. Anatchula zimene anthu ena amachita: kusiya udzu m'mbali mwa madzi, kukumba ngalande yakuya kuzungulira dimba poti mvuu sidumpha, ndi kuzika mitengo mothinana pamalo otungira madzi kuti ng'ona isalowe. Mnyamatayo sanakhutire kwenikweni, inenso ayi, chifukwa kwa Nyachikadza malo ouma ndi ochepa ndipo m'mphepete mwa madzimo ndimo muli chakudya. Koma kanali koyamba kuti mwana wa kwathu afunse funso limeneli kwa munthu wosamala nyama maso ndi maso, n'kuyankhidwa ngati munthu. Aliyense wofuna kuti anthu a m'chigwa akonde nyama ayambe wayankha funso la mwanayu.

Madzulo tinaima pa mathithi a Kapichira, pamene Livingstone analephera kupitirira ndi sitima yake mu 1859. Pomwepo pali malo opangira magetsi amene madzi a namondwe wa Ana anaononga mu Januwale 2022, dziko n'kuvutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Ana anazindikira kuti madzi omwe anawagonetsa m'misasa ndi omwewo anazimitsa magetsi ku Lilongwe. Tinagona m'kalasi pasukulu ina ku Chikwawa, atsikana kwawo ndi mayi aja, anyamata kwawo ndi ife. Aphunzitsi akumeneko anatibwereka miphika, Mulungu awadalitse.

M'mawa mwake tinaoloka Shire pamlatho wa Kamuzu, tinadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera zitunda za ku Blantyre. Pokhota pena tinaima kuti ana aone kumbuyo. Chigwa chonse chinali pansi pathu, Shire akupindikapindika ngati njoka. Ndinawaonetsa kuti chigwachi ndi mbali ya mng'alu waukulu wa nthaka umene umachokera kumpoto chakum'mawa kwa Africa, kudzera ku Kenya ndi Tanzania, n'kukhala nyanja ya Malawi, kenaka chigwa chathu. Ming'alu imeneyi ndiyo njira imene madzi a mvula amalowera pansi kwambiri, kumene miyala ndi yotentha, n'kubwereranso kumtunda atatentha. Zimene ndinalephera kuzimveketsa ndi choko kwa milungu iwiri zinamveka m'mphindi khumi pambali pa msewu.

Tinafika ku Liwonde kudzera ku Zomba dzuwa litapendeka, ndipo anthu anatilozera ku Mawira, kumene madzi otentha amatuluka okha pansi. Kunalibe chipata kapena chikwangwani chachikulu. Tinapeza amayi akuchapa, ana akusamba. Ana anga anapisa manja, ena n'kukuwa, ena kufunafuna paipi kapena moto umene ukutenthetsa madziwo. Mtsikana wina amene amakhala nambala wani m'kalasi anaima manja ali m'chiuno.

“Aphunzitsi, nanga sakuuluka bwanji ngati a m'buku aja?”

Ndinamukumbutsa za mphika wa nyemba. Ukausiya wosavundikira umangotuluka nthunzi, koma ukauvundikira kwambiri pamoto waukulu chivundikiro chimadumpha. Kuti pakhale geyser pamafunika zinthu zitatu: madzi ambiri, miyala yotentha koopsa pafupi ndi pamwamba, ndi njira yopanikiza imene imatsekereza madziwo mpaka atenthe kupyola muyezo wowira. Ena akasanduka nthunzi amakankha onse a pamwamba pawo, n'kuphulika. Ku Yellowstone zonsezi zilipo chifukwa pakiyo yakhala pamwamba pa phiri lophulika. Ku nyanja ya Bogoria ku Kenya, mumng'alu womwewu, ziliponso. Kuno kwathu madzi amakwera mosapanikizika ndipo amafika kumtunda asanawire, choncho tili ndi akasupe otentha chabe: ku Liwonde, ku Mawira wina wa ku Nkhotakota, ndi ku Chiweta m'boma la Rumphi kumene madzi ake ndi otentha kwambiri mwakuti akatswiri akhala akufufuza ngati angapangire magetsi. Mtsikanayo anatulutsa kope n'kujambula mphika pafupi ndi chithunzi chimene anakopera pabolodi.

Tisanabwerere tinaima pa Kamuzu Barrage, pamene amatsegula ndi kutseka madzi a Shire. Kwathu anthu ambiri amakhulupirira kuti madzi akasefukira ndiye kuti a ku Liwonde atsegula zitseko. Ndinawafotokozera anawo kuti madzi ambiri amene amatimiza amalowa mu Shire kumunsi kwa Liwonde, kudzera m'mitsinje monga Mwanza, komanso Ruo umene umatsika kuchokera ku Mulanje n'kukumana ndi Shire pa Chiromo, ndipo amabwera mwaukali chifukwa mapiri anatha mitengo. Ku paki ya Liwonde sitinalowe. Mbatata inali itathera pamenepo.

Sindikunena kuti ulendo wa masiku atatu wasintha moyo wa kwa Nyachikadza. Mvuu zikudyabe, ng'ona zikugwirabe, ndipo nkhani yosamukira kumtunda idakali pakamwa pa akuluakulu. Chimene chasintha ndi mafunso a ana. Ayambitsa kalabu ya zachilengedwe imene akufuna kuilembetsa ku bungwe la WESM. Atsikana awiri akufunsa maphunziro ofunika kuti munthu akhale woyang'anira nyama. Mnyamata wa dimba uja anakakambirana ndi amalume ake zokumba ngalande, ndipo ayesa mbali imodzi.

Pempho langa ndi ili. Aphunzitsi anzanga a ku Nsanje ndi Chikwawa, musadikire wokuthandizani wochokera kunja. Ife Amalawi timalipira ndalama yochepa pachipata kusiyana ndi alendo. Chodula ndi galimoto, ndipo Mwabvi ndi Lengwe zili pafupi. Makolo, mwana akapempha ndowa ya nyemba ya ulendo wasukulu musamuone ngati akufuna zosewera. Oyendetsa malo osungira nyama, pokonza maulendo a ana asukulu musathere pamidzi yoyandikana ndi waya wanu. Kumbukiraninso ana a kumunsi kwa mtsinje, amene amakhala ndi mvuu ndi ng'ona popanda mpanda uliwonse. Olemba mabuku asukulu, pafupi ndi Old Faithful ikanipo Chiweta ndi Mawira.

Ana 35 amene anatsala aja sanaiwale. Makolo awo apatula kale dimba limodzi la mbatata ya ulendo wa ku Lengwe, ndipo madzi akatichitira chifundo chaka chino tipita mu Okutobala.

Mphunzitsi wa jogalafe,
Nsanje