Zilembo za pa Malaya ku Torwood

Kuno ku Torwood Chichewa timachimva kuposa kuchiona. Chimamveka pamaliro, kutchalitchi, pabwalo Gule akatuluka, ndiponso m'kamwa mwa agogo akamakalipira adzukulu. Koma muyende m'komboni monse, mukwere khombi mpaka ku Kwekwe, zikwangwani zonse ndi za Chingerezi ndi Chishona. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka za Zimbabwe. Zimenezo zili m'buku. Pakhoma palibe.

Ine ndimadinda malaya kuseri kwa nyumba. Ng'anjo za Ziscosteel zitazima mu 2008, aliyense mu Redcliff anasaka chogwira: ena tomato, ena golide, ena ulendo wa ku Joni. Ine ndinagwira lezala.

Zida zanga sizochititsa kaso. Felemu ndi matabwa anayi a bokosi la tomato. Pamenepo ndimakokapo nsalu yopyapyala ya makatani mpaka ilire ngati ng'oma ukaigogoda ndi chala. Ikakhala yolobodoka, zilembo zimatuluka zonenepa ngati zanyowa ndi mvula. Mawu ndimawadula pa pulasitiki yakale ya X-ray, n'kuimata kunsi kwa nsaluyo. Chokokera utoto ndi rabala ya patapata yodulidwa mowongoka. Utoto wa nsalu wokha ndi umene ndimagula, ku Gweru. Malaya akauma ndimawasita ndi simbi yamakala, pepala lili pamwamba, kuti utoto usachoke pochapa. Magetsi akhalepo, asakhalepo, ntchito imayenda.

Chovuta n'chakuti chilembo chokhala ndi mimba, monga a kapena o, ukachidula chonse pakati pake pamagwa, n'kutsala chibowo chakuda. Umayenera kusiya timilatho tiwiri togwira pakatipo. Tsono Chichewa n'chodzaza ndi a. Liwu lakuti "malamulo" lokha limandidyera timilatho tisanu ndi timodzi. Kachipewa ka pa ŵ ndiye ndimakadula nditagwira mpweya.

Ondipatsa ntchito kwambiri ndi masosaiti a maliro, amene makolo athu anayambitsa m'migodi ndi m'mafamu kuti munthu wochokera ku Dedza kapena ku Ntcheu asaikidwe ngati wopanda abale. Amafuna malaya ofanana, ndipo mkangano umayambira pa kalembedwe. Akuluakulu anaphunzira kuwerenga ndi Buku Lopatulika la 1922, ndiye kwa iwo ndi "tiri pamodzi". Amene ali ndi abale pa WhatsApp ku Lilongwe amati ayi, masiku ano ndi "tili". Achinyamata anaphunzira Chishona kusukulu, chimene chilibe l, moti amalemba "Marawi", "mariro", osaona cholakwika. Tsiku lina amayi otsogolera sosaiti ina, atatopa ndi phokoso, anandiyang'ana.

"Mwanawe, iweyo ukuti bwanji?"

"Amayi, amene azivala ndinu. Nenani mmene mumawerengera."

Ndinadula "tiri". Mphunzitsi wa ku Zomba akhoza kuchonga ndi cholembera chofiira, koma kalembedwe kameneko ndi kamene kanawoloka Zambezi m'thumba la agogo athu, ndipo sindiona chifukwa chokachitira manyazi. Kwa anyamata a timu ya mpira ndimadula "tili", iwowo n'kumaseka kuti l akuoneka ngati 1.

Utoto wotsala pa felemu sinditaya. Ndimaupaka pa timatabwa tating'ono ngati chikhatho, n'kumatapo zimene Redcliff amataya: timiyala takuda totsala posungunula chitsulo, waya wamkuwa, tizidutswa ta chitenje, batani la ovolosi. Pamwamba ndimadindapo liwu limodzi basi. "Machona." "Kumudzi." "Ulere," dzina la malole amene ankanyamula anthu osalipira kuwabweretsa ku ntchito za ku Rhodesia. Izi sizigulidwa kwenikweni. Anthu amazitola, amazitembenuza, amafunsa kuti n'zantchito yanji, kenaka amayamba kusimba za abambo awo amene anagwira ntchito ku Globe and Phoenix kapena ku migodi ya kuromu ku Shurugwi, dzuwa mpaka kupendeka, malaya anga ali chiyembekezere.

Kathabwa kamodzi sindikaonetsa kwa ogula. Ndinamatapo fotokope ya chitupa cha agogo aakazi, chija cholembedwa ALIEN, ngakhale anabadwira kuno ndipo Malaŵi sanamuonepo. Pamwamba pa liwulo ndinadindapo dzina la mfunda wawo ndi utoto wofiira, koma mopepuka, kuti zilembo zapansi zizionekabe. Agogo sadziwa kuwerenga. Anakayendetsa chala, napeza timilatho ta pa a, nafunsa chifukwa chake zilembozo zili zothyokathyoka. Nditawafotokozera anangoti, "Chabwino, kapachike apo," akuloza msomali wa kalendala, pamwamba pa wailesi.