Ine ndi wa yochedwa

Anthu akaona tisheti yodindidwa bwino amayamikira inki. Palibe amafunsa za emulsion, phala lija timapaka pa sikirini tisanadinde kalikonse. Komatu mwini ntchito ndi ameneyo. Pomwe kuwala kwamenya imauma gwa, pomwe paphimbidwa ndi zilembo zakuda imakhala yofewa, nkuchoka ndi madzi. Mipata yotsalayo ndi momwe inki imadutsa.

Mitundu yake ilipo itatu: diazo, SBQ, ndi dual-cure yomwe ili pakatikati. Anzanga ambiri amathamangira SBQ, ndipo sindiwanena. Imabwera yosakaniza kale, imatha kukhala chaka, komanso imapsa msanga. Koma changu chimenecho chimakomera amene ali ndi makina a UV owerenga okha nthawi. Ine nyali yanga ndi dzuwa, ndipo dzuwa la Okutobala silinyengerera munthu. Ungochedwa masekondi angapo, basi, timizere ting'onoting'ono tatsekeka.

Nchifukwa chake ndimagula diazo. Ndi yochedwa, eya. Umayamba wasungunula kaufa kake m'madzi, nkuthira, nkutakasa, nkudikira thovu lithe. Kuchokera pamenepo masiku ake ayamba kuwerengeka: masabata 4 mpaka 6, ndipo kukatentha kwambiri safikanso. Mufiriji imakhalitsako, magetsi akalola. Koma imakhululuka. Ukaisiya padzuwa mopitirira pang'ono, zilembo zimatulukabe. Ikapsa imasinthanso mtundu, ndiye maso amakuuza okha.

Inu amene mukuyamba kumene, musanalipire yang'anani kaye inki yanu. Ngati ndi ya madzi, emulsion ikhale yopirira madzi, apo ayi imasungunuka ntchito ili mkati. Tangoganizani: matisheti 80 a kwaya, akufunika Lamlungu, sikirini nkuyamba kudontha pa tisheti ya 30. Matishetiwo ndi a eni ake. Mukawauza chiyani amayi a tcheya?

Zotsalazo nzamanja. Pakani mopyapyala, umitsani mumdima, mbali yogunda nsalu itayang'ana pansi. Potsuka, gwirani mkati mwa sikirini. Mukamva kuterera ngati therere, sinapse, ndipo yotsatira muiwonjezere nthawi.

M'badwo wathu umakonda zachangu, ndipo nanenso foni ikachedwa kutsegula ndimapsa mtima. Koma pamene ndanyamula katundu wa munthu wina, ndimafuna chinthu chondipatsa mpata wopumira. Tsiku lomwe ndidzagule makina a UV, mwina tidzakambirana za SBQ. Pakadali pano ndikugwira ntchito ndi dzuwa.