Kalata ya masamba awiri

Bambo anga anamwalira mu Juni, mwezi umene Mzuzu amazizira mpaka mano kugundana. Pasanathe milungu itatu chiikireni maliro, bambo aang'ono anafika kunyumba kwathu ku Chibavi ndi anthu ena awiri ochokera kumudzi. Anakhala pabalaza, anamwa tiyi, kenako anayamba kufotokoza modekha kuti popeza malowolo anaperekedwa, ana tonse ndi a kuchimuna, ndipo nyumba nayonso ndi ya kuchimuna. Amayi akhoza kukhalamo "pakadali pano". Mawu awiri amenewa anandisowetsa tulo kuposa maliro enieniwo.

Ine ndimaphunzira za uphunzitsi pa Mzuni, za malamulo sindizidziwa. Chomwe ndinkadziwa n'chomwe aliyense kwathu amadziwa: loya ndi wa anthu a galimoto, ndipo ukangogogoda pachitseko chake walipira kale. Amayi amagulitsa kaunjika mumsika. Nditatchula za loya anandiyang'ana ngati ndanena kuti tikagule ndege.

Tinapitabe. Mnzanga wa m'kalasi ndiye anatilozera ofesi ina m'tauni, pamwamba pa sitolo, yokwera pamasitepe opapatiza. Munali zipinda ziwiri: china cha mlembi, chodzaza mafayilo mpaka pawindo, china cha loya mwiniwake. Panalibe kapeti kapena mipando yozungulira ija timaona m'mafilimu. Pabenchi tinapezapo bambo wina wodzalumbiritsa chikalata chosintha dzina la mwana wake, ndi mayi wina amene anachotsedwa ntchito osapatsidwa kalikonse. Ndinazindikira kuti ntchito yambiri ya ofesi ngati imeneyi si milandu yomveka pawailesi ayi, koma timavuto ta tsiku ndi tsiku timene timagwetsa mabanja mwakachetechete.

Loyayo atamva kalankhulidwe ka amayi anasintha n'kuyamba Chitumbuka. Kanthu kakang'ono, koma ndinaona mapewa a amayi akutsika. Anawasiya afotokoze zonse, ngakhale zosafunika, za matenda, za ngongole ya bokosi. Kenako anafunsa mafunso atatu: kodi bambo anasiya wilo, mapepala a puloti ali m'dzina la ndani, ndipo kodi pali ana ena kunja. Funso lomalizali linandikwiyitsa. Anatifotokozera kuti amafunsa aliyense, chifukwa lamulo silisankha mwana wa m'banja ndi wa kunja, ndipo ndi bwino kudziwiratu kusiyana n'kudzadzidzimuka kukhoti.

Wilo panalibe. Apa ndi pamene tinamva koyamba za lamulo la chuma cha masiye la 2011. Munthu akamwalira osalemba wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, komanso anthu amene iye ankawasamalira. Katundu wa m'nyumba amakhala kwa wamasiye. Ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Lamuloli lakhalapo kuyambira ine ndili kupulayimale, koma m'banja mwathu, momwe muli aphunzitsi awiri ndi namwino, panalibe amene ankalidziwa bwino. Kapena ena ankalidziwa koma anasankha kukhala chete, zimenezo ndisaweruze.

Ine ndinali nditapsa mtima, ndinkafuna samani tsiku lomwelo. Loyayo anakana. Anati, "Amayi, anawa adzafunabe kumudzi kwawo. Tiyeni tiyambe ndi kalata." Analemba masamba awiri, mwaulemu, kufotokoza zomwe lamulo likunena ndi kudziwitsa akuchimuna kuti amayi akukapempha kukhoti chikalata chowapatsa mphamvu zoyendetsa chuma cha malemu. Panalibe chiopsezo chilichonse, kupatula chidindo cha pamwamba paja. Kunena zoona, munthu wofuna ndalama zambiri akanatilimbikitsa kupita kukhoti, chifukwa mlandu ukamatalika ndiye amapindula.

Sikuti zinali zaulere. Ndalama yomwe anatchula inali yolemera kwa munthu wogulitsa kaunjika, ndipo anavomera kuti tizipereka pang'onopang'ono. Anatiuzanso yekha kuti ngati sitingakwanitse tipite ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma imene imaimira anthu osauka pamilandu, yomwe ili ndi ofesi muno mu Mzuzu. Anangotichenjeza kuti kumeneko anthu ndi ambiri ndipo maloya ndi ochepa, choncho tiyenera kukhala odekha. Ife kudekha kunatithera tsiku la tiyi lija.

Izi n'zimene zimandivutitsa mpaka lero. Ife tili ndi mwayi woti timakhala mumzinda momwe muli khoti lalikulu la chigawo chonse cha kumpoto. Nanga mayi wa ku Nthalire kapena ku Usisya amene wauzidwa kuti akhale "pakadali pano", akwera chiyani, akagona kuti, kuti akamve zimene ife tinamva pa mphindi makumi anayi? Maloya ambiri m'dziko muno ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, komwe kuli makampani ndi ndalama. Sindiwada, nawonso ali ndi lendi. Koma ndikamayenda mumsewu wa Orton Chirwa m'tauni muno ndimakumbukira kuti mwini dzinalo, mwana wa ku Nkhata Bay, anali loya woyamba wachikuda m'dziko muno ndiponso nduna yoyamba ya zachilungamo, ndipo anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Akazi awo, a Vera Chirwa, ndi mayi woyamba kukhala loya m'Malawi. Dzina lili pamsewu, koma anthu oyenda mumsewuwo ambiri sanalowepo muofesi ya loya, ndipo amaopa ngati kupolisi.

Kalata ija inayankhidwa ndi chete. Bambo aang'ono sanabwerenso, ndipo pafoni amandiyankha mawu amodzi amodzi. Azakhali anandiuza kuti ndachititsa manyazi banja potengera nkhani za m'nyumba kwa anthu akunja. Zimandipweteka, chifukwa munthu yemweyo ndi amene anandilipirira mayeso a Fomu 4 bambo atasowa ndalama.

Chikalata cha kukhoti chinatuluka patapita miyezi ingapo. Amayi anachikulunga mujumbo pamodzi ndi kalata ija n'kuziika pansi pa sutikesi. Mwezi watha anabwereranso kuofesi ija okha, osandiuza, kukafunsa mtengo wolembetsera wilo yawo. Ngongole yoyamba sitinamalize, kwatsala gawo limodzi, ndipo akuti adzapereka akagulitsa belo la majuzi lomwe atsegule kuzizira kukayamba.