Njinga yopalasa ndi manja

Ndine wowotcherera zitsulo. Mageti ndi mawindo ndiye amandidyetsa, koma ntchito imene ndimaikapo mtima ndi yopanga njinga za matayala atatu, zopalasa ndi manja, za ana asukulu olumala miyendo.

Mwana akabwera ndi makolo ake sindithamangira kudula paipi. Ndimayamba ndamukhazika pabenchi n'kumuyeza m'chiuno, m'ntchafu, ndiponso kuchokera pabondo mpaka kuchidendene. Mpando uzisiya mpata wa zala ziwiri kapena zitatu kuseri kwa bondo, apo ayi chitsulo chimamudya mnofu. Ukakhalanso wotakasuka kwambiri, mwana amapendekera mbali imodzi ndipo msana umapindika. Makolo ambiri amati, "Amisiri, ipangeni yaikulu kuti akule nayo." Ndimawayankha kuti njinga si yunifolomu. Chomwe ndimachita ndi kuboola mabowo angapo popondera ndi potsamira, kuti tizisuntha mwana akamasinkhuka. Pa khushoni pokha sindinyengerera, pakuti mwana amene samva kupweteka akakhalitsa pouma amatuluka zilonda zosapola msanga, sukulu n'kuimira pomwepo.

Ndikatha kuyeza mwana ndimafunsa za njira. Kodi ndi yamchenga? Pali chitunda? Nanga dzinja likafika pamaterera? Zikuku zambiri zimene akufuna kwabwino amatumiza kuchokera kunja anazipangira pasimenti ya m'chipatala. Timatayala takutsogolo timatitimira mumchenga, ndipo kachitsulo kamodzi kakathyoka, chikuku chonse chimakagona kuseri kwa nyumba. Bungwe la WHO linanena zomwezi m'malangizo ake a 2008, kuti chikuku chizigwirizana ndi thupi la mwini wake ndi malo amene amakhala, komanso chizitheka kukonzedwa m'dziko momwemo. Kuno kwathu a MAP, amene kale ankatchedwa Malawi Against Polio, akhala akupangira anthu njinga zotere kwa zaka zambiri.

N'chifukwa chake ine ndimagwiritsa zipangizo za njinga yakapalasa. Tcheni, masipoko, chubu ndi mabuleki ndi zomwezo zimene akabaza amagula pamsika. Tayala likaphwa, aliyense wokonza njinga amamata, mwana m'mawa ali m'kalasi. Wakumapiri ndimamuikira giya yopepuka kuti mapewa asamathe mphamvu asanagwire cholembera, ndipo kumbuyo ndimawotcherera kabokosi ka makope.

Vuto limatsalira pakhomo la kalasi. Njinga yanga ndi yaitali, sikwera masitepe, ndipo zimbudzi zambiri ndi zopanikiza. Mwana amene wapalasa yekha ulendo wonse amafika pokwawa anzake akuona. Lamulo loteteza anthu aulumali linabwera mu 2012, koma masitepe sagumuka ndi lamulo. Choncho masiku ano ndisanayatse makina ndimapita kusukuluko ndi tepi, kukayeza zitseko ndi kupempha aphunzitsi aakulu kuti komiti ya sukulu ipeze njerwa ndi simenti zomangira pokwerera.