Alamu ilila, nanga adzauka ndani?

Motoka zambili zimene tiyendetsa m'makomboni zinayamba zatumikila anthu ena ku Japan. Zimatsikila pa doko la Dar es Salaam, n'kuloŵela pa Nakonde, ndipo zikafika mu Lusaka zimapeza kuti nyumba zathu sizinamangidwe moganizila motoka. Ku Mtendere kumene nicita lendi kulibe geti, kulibe mpanda. Corolla yanga imagona panja pa windo, pakati pa pompi na cingwe coyanikapo zovala. Ndiye inidyetsa: m'maŵa nipeleka ana a anthu kusukulu, masana nicita takisi. Ikaima, lendi na unga nazonso zaima.

Akawalala nthawi zambili safuna motoka yonse. Afuna batile, magalasi a m'mbali, wailesi, malaiti, ngakhale mafuta a m'thanki. Izi zimacoka m'mphindi zocepa ndipo sizivuta kugulitsa. Mu 2024 mvula inavuta, madzi anacepa ku Kariba, malaiti anayamba kupita maola ambili, ndipo komboni inali kugona mumdima wa bii. M'miyezi imeneyo anzanga aŵili a pa lenki anauka n'kupeza boneti ili yasa, batile palibe. Malo olipila ogonekapo motoka alipo, koma ali patali na nyumba, ndipo ine niyamba nchito 5 koloko kukali mdima. Conco ninasunga ndalama za alamu.

Amene ananiikila ni mnyamata wa msinkhu wanga, wodziŵa za mawaya a motoka, amene aseŵenzela pansi pa mtengo m'tauni. Sininacokepo tsiku lonse. Munthu amene akuikila alamu amadziŵa zinsinsi zonse za motoka yako, ndiye ni bwino nawenso uzidziŵe.

Anacotsa pulasitiki ya pansi pa siteling'i n'kubisamo kabokosi kakuda, kamene ndiye mutu wa zonse. Waya wina anaulumikiza ku maswichi a zitseko, amene aja amayatsa kalaiti ka m'kati ukatsegula. Wina unapita ku maindiketa, wina ku maloko, wina ku sailini imene anaimanga pansi pa boneti. Anadula waya wa stata n'kuikapo kacipangizo kakuti alamu ikakhala yochela, injini isalize ngakhale munthu apotoze kiyi. Paliponse polumikiza anaocelela na mtovu, cifukwa mawaya ongopota na kukulunga tepu amamasuka pa mabampu a m'komboni, ndipo akakhudzana angayambitse moto. Anaikanso fyuzi, n'kunionetsa kaswichi kobisika kozimitsila alamu ngati limoti yafa. Ananiuza kuti alamu imadya moto pang'onopang'ono usiku wonse, conco batile yofooka imaonekela msanga, komanso kuti sailini yokhala na kabatile kakekake imapitiliza kulila ngakhale kawalala adule waya wa batile yaikulu.

Cothela cinali sensa, kanthu kakang'ono kamene kamamva motoka ikagundidwa. Kali na kasikulu kocepetsela kapena kuonjezela mphamvu. Iye anaima, sikuludilaiva ili m'manja.

“Bosi, tiike pati? Ambili akonda pamwamba.”

“Nanga imwe muona bwanji?”

“Pamwamba idzalila cona akakwelapo, idzalila na bingu, idzalila thilaki ikapita. Pakatha sabata, palibe adzaimva.”

Zimene anakamba ninali kuzidziŵa kale. Mumsewu wathu muli minibasi imene alamu yake imalila mvula iliyonse ikagwa. Poyamba anthu anali kutuluka na matochi. Lomba palibe ngakhale wosuntha katani. Tsiku limene akawalala adzaifikila zoona, idzalila cimodzimodzi, ndipo ife tidzangotembenuka pa bedi. Tinaika pakati. Anamenya tayala na phazi, zii. Anamenya windo na cikhatho, inalila.

Apa m'pamene pagona nkhani. Alamu ilibe manja, siigwila munthu. Nchito yake ni kuitana cabe, ndipo kuitana kulibe phindu ngati kulibe woyankha. Ku Kabulonga kuli mipanda italiitali, mawaya a malaiti pamwamba, na alonda pa geti. Ku komboni mpanda wathu ni anthu. Ndalama zimene ninalipila zinagula phokoso, koma makutu omva phokosolo sagulitsidwa m'tauni.

Ndiye cifukwa cake madzulo a tsiku lomwelo ninayenda khomo na khomo pa yadi yathu na nyumba zoyandikana. Ninailiza kamodzi kuti onse adziŵe mawu ake, cifukwa masailini ambili amafanana. Tinapatsana manambala a foni. Tinagwilizananso kuti ikalila, palibe wotuluka yekha: tiyatsa matochi, tikuwa tili pa mawindo, titumila foni kupolisi. Kawalala akhoza kukhala na cisulo m'manja, ndipo batile siilingana na moyo wa munthu. Tinakambanso kuti tikagwila munthu, timupeleka kupolisi wamoyo. Tonse tidziŵa mmene gulu lokwiya limathela, ndipo sinifuna kuti motoka yanga ikhale cifukwa ca malilo a mwana wa wina.

Ambuya a nyumba ya kumbuyo anamvetsela zonse, ndiye anati: “Mwana wanga, ikalila tidzauka. Koma isatiutsile acona. Ndipo naimwe muziuka tikakuitanani.”

Mawu othela aja ndiye mtengo weniweni wa alamu. Ukapempha anthu kuti ataye tulo cifukwa ca katundu wako, walowa nkhongole. Yanga inabwela patapita milungu yocepa, pamene ambuya omwewo anagogoda pa citseko 2 koloko usiku, mdzukulu wawo atatentha thupi. Ninatsegula motoka, alamu inati “pyu pyu”, tinapita kucipatala, ndipo za ndalama ya mafuta palibe anazichula. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimile, maŵa adzazima zako.

Conco mnzanga, ngati wagula ka Vitz kako ndipo usunga ndalama za alamu, ika ndithu. Imilila pomwepo poika, funsa za fyuzi, sensa ikhale pakati. Ukafika kunyumba, yamba wapeleka moni kwa aneba.