Mwala Wonolera Lumo Ufunanso Kuongoledwa

Abale anga a m'migodi, ndifuna kukamba nanu za mwala umene atate anandisiyira, ndi za zipangizo zimene ndayesa pouongola. Ine ndinabadwira muno m'Makokoba, lokesheni yakale koposa zonse m'Bulawayo, imene inayamba m'caka ca 1894. Atate anali a ku Ncheu. Anapita ku Joni ndi Wenela, koma pobwerera anatsakamira kuno, nakhala mchona. Anatilera ife ana asanu ndi lumo lopinda, lamba wa cikopa ndi mwala umodzi wonolera, pometa anthu pafupi ndi msika wa Mkambo.

Lumo silinoledwa monga mpeni kapena cikwanje. Limagona pa mwala, msana wace ndi mbali yakuthwa zikhudza pamodzi. Tsono mwala umatha pakati, pamene lumo lipita kawiri kawiri, ndipo umakumbika ngati mphero ya agogo. Ukatero lumo likhudza pena, pena ai. Munganole tsiku lonse, koma ndebvu lingozizula. Atate ankalemba mizere ya pensulo pa mwala wonse, m'litali ndi mopingasa. Poukhula, pamene mizere yatsala ndi pamene pali dzenje.

Atate atamwalira nchito inagwera ine, ndipo mwala unali utakumbika. Poyamba ndinatenga tupa. Inu amene mwaona momwe thanthwe libunthitsira zitsulo zoboolera mudziwa kale cimene cinacitika: tupa inatha mano, mwala uli comweco.

Pamenepo ndinathira mcenga ndi madzi pa khonde la simenti, ndi kuyamba kukhula ndi mphamvu zanga zonse. Njira imeneyi ndi yacangu, ndipo siifuna ndalama. Koma khonde lathu nalonso linali ndi zigwa zace, kotero ndikaongola uku kwina kunapendekeka. Mcenganso unasiya mizere yakuya imene inagumula lumo. Amai anaima pa khomo nati, "Mwanawe, uutha mwala wa atate ako. Ukatha udzameta ndi ciani?" Tsiku limodzi lomwelo ndinadya mwala woposa umene atate anadya pa zaka zambiri. Simenti iyenera pa mwala wonolera nkhwangwa, kapena poyamba pokha ngati dzenje liri lalikuru.

Ena amakhulanitsa miyala iwiri. Cenjerani nayo njira imeneyi, cifukwa wina ungathe kukumbika mnzace natukuka pakati, ndipo igwirana bwino lomwe ngakhale yonse iwiri iri yokhota. Pafunika miyala itatu: woyamba ndi waciwiri, waciwiri ndi wacitatu, wacitatu ndi woyamba, mosinthana. Joseph Whitworth wa ku Mangalande anafotokoza nzeru imeneyi m'caka ca 1840, pokamba za kuongola zitsulo za makina. Bvuto lace ndi lakuti munthu wa m'komboni sakhala ndi miyala itatu, ndiponso mwala wokhakhala umasiya mcenga wace pa wosalala.

Cimene cinapulumutsa mwala wanga ndi galasi lokhuthala ndi sandipepa wakuda wosaopa madzi. Mcenga wa pa sandipepa ameneyu ndi carborundum, imene Edward Acheson anatulukira ku America m'caka ca 1891, ndipo ndi yolimba koposa mwala. Ikani galasi pa tebulo losagwedera, pakuti galasi lopyapyala limapindika. Nyowetsani pepalalo kuti limamatire, yambani ndi nambala 220, mutsirize ndi 400 kapena 600. Musakanikize, ndipo muzitembenuza mwala kuti mbali zonse zithe molingana. Nchito yace icedwa ndipo pepala likutha msanga, koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Mnzanga wina wocokera ku Johannesburg anandibwereka citsulo cathyathyathya comatidwa tinyenyeswa ta daimondi. Daimondi yopanga ndi manja inayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo ndiyo igwira nchito pa zitsulo zotere. Kunena zoona, cimeneci ciposa zonse. Cimadya msanga, sicikumbika, ndipo cingofuna madzi ambiri kuti matope asatseke. Koma mtengo wace ndi waukuru. Mmisiri wonola tsiku ndi tsiku agule. Munthu wa mwala umodzi galasi limkwanira.

Cipangizo ciri conse cimene mwasankha, lekani pomwepo mizere ya pensulo ikatha, cifukwa cimene mwakhula sicibwerera. Tsukani mwala kuti pasatsale kamcenga nkamodzi komwe, bunthitsani pang'ono m'mphepete mwace kuti musagwire lumo, ndipo ikanipo rula ya citsulo moyang'ana kuwala. Kuwala kukapita pansi pa rula, nchito siinathe.

Ndionjezepo mau amodzi. Masiku a atate lumo limodzi linkameta mzere wonse wa anthu. Lero tidziwa kuti kacirombo ka HIV ndi matenda ena a ciwindi ayenda m'magazi, ndipo lumo litema munthu osazindikira. Lumo lanu likhale lanu nokha, ngakhale wopempha ali mbale wa kumudzi. Ine ndinaleka kumeta nalo anthu, ndimeta nalo ndebvu zanga zokha.

Mwala uja ulipobe. Watsala wopyapyala ngati cala cakanthu, ndipo ndikaugwira ndimakumbukira khonde lija la simenti. Ndimauongola pa galasi mwa kamodzi kamodzi, ndi kuwerengera kuti utsaleko wa mdzukulu wanga, amene ndebvu zayamba kumera.

Tsalani bwino, abale, mugwire nchito mosamala.