Kalata kwa mphwanga wa ku Joni: usaitsitse Golf yakoyo

Khonjeni, Thyolo

Mphwanga wokondedwa,

Amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo imawavuta kukazizira. Alamu ako ndi ana akupereka moni. Zithunzi za galimoto yako zinafika pa WhatsApp, ndipo foni yanga yayenda m'manja mwa anthu mudzi wonse. Ndakondwa kuchokera pansi pa mtima. Ndikudziwa mmene unavutikira zaka zoyamba ku Johannesburg, kugona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi, kudzuka usiku kuthamangira ganyu. Golf 7 GTI yofiirayo ndi thukuta lako. Sindikuuza kuti ndalama zoikongoletsera ugulire malata, pakuti nyumba ya amayi unafolera kale.

Wandifunsa maganizo pa zimene anzako akukulimbikitsa usanabwere nayo pa Khirisimasi: kuitsitsa, marimu a mainchesi 20, mlomo wa pansi pa bampala, sipoyila yaikulu kumbuyo, tintedi wakuda bii, ndi kuimata mtundu wina. Ndikukuyankha poyera chifukwa anyamata ambiri a kuno amene ali ku Joni ali ndi maganizo omwewo. Langizo langa ndi ili: kongoletsa ndithu, koma posankha chilichonse uziganiza za njira yakwathu kuno, osati ya ku Sandton.

Kukongoletsa chokwera ndi khalidwe lathu lakalekale. Agogo aamuna pochokera ku Wenela anabwera ndi njinga ya Humber, naipachika magalasi awiri ndi mphonje pa handulo. Anyamata a kabaza pa Luchenza amachita zomwezo mpaka lero. Ngakhale a Volkswagen eni ake, potulutsa GTI yoyamba mu 1976, anaizunguliza kamzere kofiira kumaso, ndipo kamzereko kakadalipo pa yakoyo. Choncho mtima wakowo ndikuumvetsa.

Koma za kuitsitsa ndakana. Moyo wanga wonse wantchito ndathera mu galaja ya pa esiteti, chagada pansi pa mathirakitala ndi malole onyamula masamba a tiyi, ndipo galimoto ndimayamba kuiona kumimba. GTI imachoka ku fakitale itatsika kale ndi mamilimita 15 kuyerekeza ndi Golf wamba, moti pakati pa mimba yake ndi nthaka pamangotsala masentimita ngati 13. Hilux ili ndi oposa 20. Masipuling'i otsitsira amachotsanso masentimita 3 kapena 4. Tsono ukwezemo anthu anayi, mu buti ulongemo shuga, mafuta ophikira ndi mabulangete a abale, watsala ndi chiyani? Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 1,600: Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, Blantyre. Ukachoka pa Limbe kulowa M2, kudutsa Bvumbwe, Thunga ndi pa Boma, mahampu adzakupatsa moni mmodzimmodzi. Komabe zonsezo ndi zochepa. Mayeso enieni ali m'njira zolowera m'midzi mwathu. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, zambiri mwa njirazi zinakumbika, ndipo Disembala ndi nthawi ya mvula. Malole akadutsa pa katondo wonyowa amasiya ngalande ziwiri, pakati n'kutsala mtumbira umene dzuwa likawala umauma gwa, miyala itatuluka mitu.

Chaka china mnyamata wina wa tsidya lino anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yotsitsidwa. Ndinaitanidwa itakhalira mtumbira wotere, matayala akutsogolo akungozungulira m'malere. Nditagwada kusuzumira, ndinaona oyilo wakuda akuchucha ndondondo pa dothi lofiira, bampala itang'ambika mbali imodzi n'kumalendewera pa waya. Mwini wake anali ataima pambali, nsapato zake zoyera zitamira m'matope, akuyang'ana kumbali kuti ana amene anasonkhana asaone misozi. Anafika kwa makolo ake pa njinga ya kabaza. Ndinamumvera chisoni kwambiri, chifukwa mwana uja anagwira ntchito zaka kuti tsiku limenelo lidzakhale lachisangalalo. Dziwa kuti sampu ya injini ya Golf 7 GTI ndi ya pulasitiki. Yachitsulo ikagunda mwala imatifuka, ina timaiwotcherera. Ya pulasitiki imasweka, oyilo wopitirira malita 5 n'kutayika m'kanthawi kochepa, ndipo ukapanda kuzimitsa injini msanga, waipha.

Anzako akuuza kuti ziliko zotsitsira za mpweya, zoti ukafika poipa umangodina batani galimoto n'kukwera. Zilikodi, ndipo ndi nzeru yabwino kumene zipangizo zake zili pafupi. Koma kapaipi kamodzi kakabooka, galimoto imakhala pansi phwata, ndipo kapaipi kameneko sudzakapeza pa msika wa Khonjeni. Ndalama imeneyo ugulire chitsulo chotchinga kumimba kwa injini, cha aluminiyamu kapena chitsulo chenicheni, chomangira mabawuti m'malo amene fakitale inasiya. Palibe adzachione pa chithunzi, koma pa zonse ungaike, chimenechi ndicho ndachiika patsogolo.

Tsopano marimu, amene ndikudziwa kuti ndiwo akukusowetsa tulo. Yang'ana m'mbali mwa tayala lako, upeza palembedwa 225/40 R18. Nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri ikunena kuti khoma la m'mbali ndi magawo 40 pa 100 a kutambalalako, kutanthauza mamilimita 90. Khoma limenelo ndilo limamwa nkhonya ya dzenje rimu isanakhudzidwe. Ukapita ku mainchesi 20, tayala lake limakhala ngati 235/30, khoma n'kutsala mamilimita 70 okha. Dzenje limodzi la pakati pa Tete ndi Zobue likhoza kutsina tayalalo pa rimu, n'kutuluka chotupa m'mbali, kapena rimu n'kupindika. Ndikanakhala ine ndikanatsikira ku mainchesi 17 ndi tayala la 225/45, la khoma lopitirira pang'ono mamilimita 100. Mabuleki a GTI amakwanamo bwinobwino, ndipo tayala la saizi imeneyo sulivutikira kulipeza ku Limbe. Ngati 17 akukuchepera m'maso, khala pa 18 pomwepo, ungosintha kapangidwe ka rimu. Apo sankha monga mtima wako ukufunira, yamizere yambiri kapena yamiyendo isanu, bola mabowo ake akhale a 5x112 ndipo pakati pake pakhale pothina bwino pa habu.

Chenjera ndi marimu otchipa ongotengera maonekedwe a mayina otchuka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Rimu yabwino ikagunda imapindika, timaiwongola. Yachinyengo imachita mng'alu kumbuyo kwa mwendo, kumene diso silifika, n'kudzathyoka uli pa liwiro. Funsa pepala la kumene inapangidwira, uinyamule m'manja, uitembenuze uone zolembedwa kumbuyo. Fasho ija yokoka tayala laling'ono pa rimu yotambalala, ndi ija yopendeketsa matayala kuti mitu ilowe m'kati, usaiyandikire n'komwe. Tayala limadyeka mbali imodzi ndipo pa msewu wonyowa siligwira.

Mlomo wa pansi pa bampala, ngati ukuufunitsitsa, tenga wofewa wa labala umene umapinda n'kubwerera, osati wa faiba umene umangosweka. Uzimangidwa ndi mabawuti kuti pa ulendo uno uumasule, ukaubwezere ukabwerera ku Joni. Zotchinga matope kumbuyo kwa matayala uike, zimateteza penti ku timiyala. Kapepala koonekera kaja komata pa boneti ndi pa bampala nakonso n'kabwino.

Sipoyila yaikulu ndi kutaya ndalama. Mphamvu ya mphepo yopanikiza galimoto pansi imakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri, ndiye pa liwiro la m'misewu yathu ndi yochepa zedi. Chinanso, GTI imakoka ndi matayala akutsogolo, pamene phikolo likupanikiza kumbuyo. Chimene udzapindule ndi mabowo pa chitseko cha buti, olowetsa madzi ndi dzimbiri. Kaja ka ku fakitale kali padenga n'kokwanira.

Pa nkhani ya magetsi ndikupempha undimvetsetse, chifukwa apa pali miyoyo ya anthu. Ukudziwa mmene M2 imakhalira m'bandakucha: othyola tiyi ali m'mbali mwa msewu madengu kumsana, njinga zasenza mikoko ya nthochi, ana akupita kusukulu, ndipo nkhungu ikatsika m'minda ya tiyi suona patali. Mababu owala mopyola muyeso amene anthu akuika masiku ano amathobwa m'maso wapanjinga amene akubwera kutsogolo, ndipo mu nkhungu kapena chiperoni kuwalako kumabwerera m'maso mwako momwe. Chofunika ndi magetsi a nkhungu a m'munsi ogwira bwino, ndi akuluakulu olozetsedwa pa muyeso wake. Magetsi akumbuyo usawadetse ndi utoto. Woyendetsa lole yodzaza akuyenera kuona msanga kuti waponda buleki. Abuluu ndi a apolisi, asiyire eni ake.

Tintedi ndikuvomera, makamaka uja wolimbitsa galasi kuti akuba a pa maloboti asalithyole mosavuta. Malamulo a ku South Africa amafuna kuti magalasi a m'mbali azilowetsa kuwala kosachepera magawo 35 pa 100, ndipo lakutsogolo 70 pa 100. Khala pamenepo. Wakuda bii adzakuimitsitsa pa rodibuloko iliyonse ya maiko anayi, komanso pakhomo pano pali ana ang'onoang'ono amene adzathamangira galimoto ya amalume awo. Pobwerera chambuyo madzulo uyenera kumawaona.

Mtundu usasinthe. Mapepala a galimoto amanena kuti ndi yofiira, ndipo pa chipata chilichonse, mpaka pa Mwanza pamene a MRA adzakulembera chilolezo choilowetsa kwa kanthawi, amayerekeza pepala ndi galimoto. Ukaimata mtundu wina osakalembetsa, wadziitanira mafunso. Chomata chosawala chija anzako akuchitamacho sichipolishidwa, ndiye fumbi la katondo likalowerera silichoka msanga. Kufiira kwa ku fakitaleko kukongola kale, ndipo pakati pa minda yobiriwira ya tiyi kudzaonekera kutali. Nambala puleti isiye mmene ilili, yosapinda, yosachepetsa. Zomata zimene ndikukukakamiza ndi zonyezimira zimene amafuna ku Zimbabwe, zoyera kutsogolo ndi zofiira kumbuyo, pamodzi ndi matirayango awiri ndi chozimira moto. Chilichonse wasintha uwadziwitse a inshuwalansi, chifukwa amatha kukana kulipira akapeza zimene sunawauze.

Ntchito yonse ithe Novembala asanathe, upimitse alayimenti, uyende nayo masabata angapo kuti chogwedera chidziwike uli konko. Katayala kopyapyala ka mu buti kaja malire ake ndi makilomita 80 pa ola ndipo si ka ulendo wautali, choncho gula rimu yachisanu ndi tayala lofanana ndi enawo. Utengenso oyilo wa injini imeneyo ndi fyuluta yake. Akamanga chitsulo cha kumimba unditumizire chithunzi ndione mabawuti. Ukafika pa Mwanza undiimbire, ndikuuze mmene mvula yagwera ndi njira yoti udzere. Amayi akuti usaiwale mankhwala opaka miyendo aja unawatumizira chaka chatha.

Ndine mkulu wako,
ku Khonjeni